Dengu Si Nkhokwe

Gawo lachitatu la nkhani yathu ya zithunzi

Sabata yatha tidasiyana pakhomo pa situdiyo, tikukumbutsana za masiku aja amene munthu ankabwereka suti ndi tayi, nakaima chilili patsogolo pa nsalu yojambulidwa maluŵa, kenaka n'kudikira masabata aŵiri kuti aone nkhope yake papepala. Lero ndikupemphani, aŵerengi anga, kuti tiloŵe m'kati mwa kamera yamakono, tikaone kanthu kamene kamabisala m'nthiti mwake, kaja anyamata amangokatchula kuti memole. Ndi kakhadi kosaposa sitampa ya pakalata, ndipo kena n'kochepa ngati chikhadabo. Komatu kuchepa kwakeko kusakunyengeni. Kanthu kameneka kaliritsa mabanja ambiri mwakachetechete, ndipo limodzi mwa mabanjawo ndi langa.

Mwezi wa August chaka cha 2022 mwana wa mlongo wanga adamanga ukwati woyera kumudzi kwathu. Ine, pokhala malume wake, ndidapatsidwa udindo wopeza wojambula. Ndidapeza mnyamata wina wa m'tauni, waulemu ndi wodziŵa ntchito yake, ndipo tidapangana mtengo. Tsikulo adalaŵira mbandakucha, najambula amayi akusonkha moto, mkwatibwi akuvekedwa, abusa akudalitsa mphete, zonse mwadongosolo lake.

Mayi anga panthaŵiyo n'kuti atapyola zaka 80, ndipo chimwalirire bambo adali asanavinepo pagulu. Koma masanawo, perekaniperekani atafika pachimake, adadzuka pampando, napatsira mdzukulu ndodo yawo, namanga chitenje m'chiuno, naloŵa m'bwalo. Nthungululu zidamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Ndidamuona ndi maso angaŵa mnyamata uja atagwada pafumbi, kamera ili kumaso, ndipo atadzuka adabwera kudzandionetsa pakagalasi ka kumbuyo kwa kamerayo: mayi akuseka, manja ali m'mwamba, ndalama zili mbwee pamapazi pawo.

Patapita masiku anai adafika yekha kunyumba kwanga. Adakana mpando, nakhala pakhonde chipeŵa chili m'manja.

"Bambo, ndabwera ndi nkhani yosakhala bwino. Zithunzi za m'maŵa ndi za kutchalitchi zilipo zonse. Koma kuyambira pamene tidafika kumadyerero, maina a zithunzi akuoneka pakompyuta, koma ndikatsegula mulibe kanthu."

"Mulibe kanthu bwanji, mwana wanga, chikhalirecho udandionetsa wekha?"

"Mudaonadi, Bambo. Koma khadi lija lidatinamiza tonse aŵiri."

Mayi adatisiya mu December chaka chomwecho.

Kwa nthaŵi yaitali ndidamsungira mangaŵa mnyamatayo. Pambuyo pake mkwiyo udazirala, ndipo ndidayamba kufunsa ndi kuŵerenga, pakuti safunsa adadya phula. Chimene ndidapeza ndicho ndikufuna kuchiimirira lero: khadi la m'kamera ndi dengu lotutira chimanga kuchokera kumunda, si nkhokwe ayi. Ife tonse, ojambula ndi ojambulitsa omwe, talisandutsa nkhokwe, ndipo likabooka timayamba kusaka mfiti.

Tiyambe ndi kumene lidachokera. Kamera yoyamba yonyamulika m'manja, yosunga chithunzi monga manambala m'malo mwa filimu, adaipanga Steven Sasson, injiniya wa kampani ya Kodak ku America, m'chaka cha 1975. Idali yolemera makilogalamu oposa 3, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti ilembe chithunzi chimodzi chopanda mitundu pa kaseti yonga ija tinkamvererapo nyimbo. Luso limene lili m'makhadi a lero lidachokera ku Japan, kwa Fujio Masuoka wa kampani ya Toshiba, amene adalionetsa kwa akatswiri anzake mu 1984 naliwonjezera mu 1987. Dzina lakuti flash lidaperekedwa ndi mnzake wa pantchito, poona kuti zolembedwamo zimafufutika kamodzin'kamodzi monga kung'anima kwa kamera. Ine ndimati dzinalo lidali chenjezo, koma sitidalimve. Mu 1994 kampani ya SanDisk idatulutsa khadi la CompactFlash, ndipo mu 1999 SanDisk yomweyo, pamodzi ndi Panasonic ndi Toshiba, idagwirizana za khadi la SD, limene lafala kuposa onse.

Tsono chithunzi chimakhala motani m'khadimo? Pa filimu chidali chinthu chogwirika. Kuŵala kunkasintha timadontho ta siliva, ndipo ukakweza negetivu kudzuŵa unkawaona wekha agogo ako, nkhope itayera, imvi zitada. M'khadi mulibe chithunzi choti diso n'kuchiona. Muli tizipinda mabiliyoni ambirimbiri, ndipo kalikonse kamasunga timphamvu ta magetsi, tija akatswiri amatitcha maelekitironi, monga mmene mtsuko umasungira madzi. Kamera ikafuna kuŵerenga, imayeza pamene madzi alekeza mumtsuko uliwonse. Miyezoyo imasanduka manambala, ndipo manambalawo ndiwo amasanduka nkhope ya mayi anu.

Poyamba mtsuko unkangokhala wodzaza kapena wopanda kanthu, motero kusiyanitsa kudali kosavuta. Koma pofuna kuti khadi lisunge zambiri pamtengo wotsika, opanga adayamba kugaŵa mtsuko umodzi m'miyezo 4, kenaka 8, ndipo ena afika nayo pa 16. Aliyense amene adatungapo madzi amadziŵa kuti mtsuko wadothi umachucha pang'onopang'ono. Tizipindati natonso timachucha, makamaka kukatentha, ndipo pamene miyezo yathithikana chotero, kuchucha kochepa n'kokwanira kuti 7 aŵerengedwe ngati 6. Kuwonjezera apo, kufufuta kulikonse kumadya khoma la kachipindako. Tizipinda ta mtundu woyamba uja tinkapirira kufufutidwa pafupifupi maulendo 100,000. Ta miyezo 8 sitipyola masauzande oŵerengeka. M'khadi mulinso kaubongo kamene kamakonza zolakwika zing'onozing'ono ndi kugaŵa ntchito mofanana kuti tizipinda tina tisafe msanga, koma nako kali ndi polekezera. Bungwe la JEDEC, limene limaika malamulo a kapangidwe ka zipangizo zoterezi, limafuna kuti SSD ya m'kompyuta wamba, imene imapangidwa ndi tizipinda tomweti, ikafika kumapeto kwa moyo wake izitha kusunga zinthu kwa chaka chimodzi itazimitsidwa, pamalo otentha madigiri 30. Chaka chimodzi chokha! Nanga khadi lokalamba limene laiŵalika m'galimoto mwezi wa October ku Chikwawa?

Chodabwitsa n'chakuti kunja kwake makhadi ameneŵa ngolimba zedi. Mu March 2018 ana asukulu amene ankatola zinyalala m'mphepete mwa nyanja ku Yilan, m'dziko la Taiwan, adatola kamera yomatiridwa tinkhono ta m'nyanja thupi lonse. Idali itatayika mu 2015 pafupi ndi chilumba cha Ishigaki ku Japan, mtunda wa makilomita oposa 200, ndipo pokhala kuti idali m'chotengera chosaloŵa madzi, zithunzi zidatuluka, mwini wake n'kupezeka. Sitima yaing'ono yoyenda pansi pa nyanja yotchedwa Titan itaphwanyika mu June 2023, paulendo wokaona zotsala za Titanic, ofufuza adapeza kamera yake itaonongeka koma khadi lili bwinobwino, ndipo adatulutsamo zithunzi, ngakhale kuti sizidali za ulendo wangoziwo. Nkhani zoterezi n'zimene zimatigoneka tulo. Timati, ngati khadi lidapulumuka m'nyanja, nanga m'thumba la malaya anga lingaone chiyani? Chikhalirecho khadi kaŵirikaŵiri silifa ndi madzi. Za ukalamba tanena kale. Kwatsala phuma la mwini wake, ndi bodza la wogulitsa.

Kumayambiriro kwa khadi lililonse kuli kaundula, wonga uja amasunga amfumu, wonena kuti munda wa uje wayambira pa mtengo wakutiwakuti n'kulekeza pachulu chakutichakuti. Kamera ikajambula, imayamba yasunga chithunzi m'mutu mwake kwa kanthaŵi, kenaka n'kumachitsanulira m'khadi ndi kulemba m'kaundulamo. Kanyali kaja kamene kamaphethira kumbuyo kwa kamera kamatanthauza kuti ntchitoyo ili m'kati. Mukasolola khadi panthaŵiyo, kapena batire ikatha mwadzidzidzi, kaundula amatsala wolembedwa theka, ndipo maŵa lake kamera idzakuuzani kuti khadi silikuŵerengeka. Mumadziputiranso tsoka mukamaliyendetsa khadi limodzi kuchoka m'kamera iyi kupita m'kamera iyo, ndiye m'foni, ndiye m'wailesi ya mnzanu. Kaundula wolembedwa ndi alembi asanu sachedwa kusokonekera.

Komabe imfa yotereyi kaŵirikaŵiri ndi kukomoka chabe. Kaundula akang'ambika minda siisamuka. Ngakhale mutafufuta chithunzi kapena kufomata khadi mwangozi, chimene chachotsedwa nthaŵi zambiri ndi dzina m'kaundula; chithunzi chenichenicho chimakhalapobe kufikira china chitalembedwa pamwamba pake. Pali mapulogalamu, monga PhotoRec yaulere ija ya Christophe Grenier wa ku France, amene amayenda munda ndi munda osayang'ana kaundula, kufunafuna chizindikiro chimene chithunzi chilichonse chimayambira. Chotero khadi likakana, lichotseni, mutsitse kaloko kake ka m'mbali, ndipo musajambuliremonso ngakhale chithunzi chimodzi. Kompyuta ikakufunsani mwaulemu ngati mungakonde kuti ilifomate, kanani. Ambiri ataya zithunzi zawo kachiŵiri, ndiponso kotheratu, chifukwa chovomera funso limenelo n'kupitiriza kujambula. Ndichenjezenso kuti makamera ena atsopano akamafomata amapukutiratu tizipinda tonse, ndipo zikatero madzi atayika, saoleka.

Koma bodza lilibe mankhwala, ndipo ndilo lidatigwera ife. Alipo anthu amene amatenga khadi laling'ono, tinene la 8 GB, n'kusokoneza kaubongo kake kuti kazinena kuti khadilo ndi la 128 GB, n'kulimata chizindikiro cha kampani yotchuka ndi kulikutira m'pulasitiki yonyezimira. Kamera imakhulupirira zimene yauzidwa. Kompyuta nayo imakhulupirira. Tiyeni tiŵerengere limodzi. Ngati chithunzi chimodzi chikudya 10 MB, khadi la 8 GB limadzaza pa zithunzi pafupifupi 800. Wojambula amayang'ana pakagalasi, naona kuti kwatsala malo a zithunzi zoposa 10,000, napitiriza ntchito mtima uli m'malo. Zithunzi zonse zotsatira zimatsanulidwa m'dzenje lopanda pansi, kapena, pa makhadi ena, zimalembedwa pamwamba pa zoyambirira zija. Kaundula yekha ndiye amalembedwa mokhulupirika, n'chifukwa chake maina amaoneka. Chithunzi chija ndidaonetsedwa pabwalo chidali chidakali m'mutu mwa kamera, paulendo wopita kumalo kumene kulibe. Palibe pulogalamu kapena katswiri, ngakhale mutampatsa ng'ombe, amene angabweze chinthu chimene sichidalembedwe n'komwe.

Mnyamata uja adagula khadi lake pabenchi ya mumsika Lachinai, ukwati uli Loŵeruka, pamtengo wosafika theka la wa m'sitolo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene chimandiŵaŵa kwambiri n'chakuti bodza limeneli n'losavuta kuligwira. Pulogalamu ya H2testw, imene Harald Bögeholz adailembera magazini ya ku Germany yotchedwa c't, ndi inzake yotchedwa F3, zonse zaulere, zimadzaza khadi lonse ndi manambala kenaka n'kuwaŵerenganso, ndipo pakutha maola oŵerengeka zimanena poyera kukula kwenikweni kwa khadilo. Ndikudziŵa kuti anyamata ambiri a pabenchi nawonso amanamizidwa ndi amene amawapikulitsa. Koma malonda ameneŵa sindiwaika m'gulu limodzi ndi nsapato zonamizira dzina. Nsapato ikang'ambika umagula ina, ukwati subwerezedwa. Boma limatumiza anthu m'misika kukayeza masikelo a ogula soya ndi mtedza. Khadi lonena 128 pamene lili ndi 8 nalonso ndi sikelo yobera, ndipo liyenera kulandidwa chimodzimodzi.

Wina adzati, "Kodi filimu sinkatayika?" Inkatayika kumene, ndipo sindikufuna kukhala m'gulu la nkhalamba zimene zimati zonse zakale zidali zabwino. Filimu inkapsa munthu akatsegula kamera padzuŵa, inkachita nkhungu nthaŵi ya dzinja, inkaonongeka potsuka. Nkhani yotchuka pa zonse ndi ya Robert Capa, amene adatsika ndi asilikali a ku America pagombe la Omaha ku France pa 6 June 1944. Kwa zaka zambiri kunkanenedwa kuti adajambula zithunzi 106, koma wantchito wa mu ofesi ya magazini ya Life ku London adatenthetsa kabati youmitsira mafilimu, zonse n'kusungunuka, kupulumuka 11 zokha. Kuyambira mu 2014 wolemba wina wotchedwa A. D. Coleman ndi anzake akhala akutsutsa nkhaniyi, ponena kuti filimu siisungunuka motero, ndi kuti Capa adangojambula zochepa zomwezo n'kuchoka pagombepo. Ndaitchula dala nkhaniyi, chifukwa lerolinso mawu akuti "khadi lavuta" asanduka pothaŵira ojambula ena amene adafika mochedwa kapena adaiŵala kutchaja batire. Ine ndidakhulupirira mnyamata wathu uja pokhapokha ataliyeza khadilo ndikuona.

Koma taonani kusiyana kwake. Mpukutu wa filimu unkatenga zithunzi 24 kapena 36. Wojambula ukwati ankanyamula mipukutu ingapo, ndipo umodzi ukapsa inayo inkatsala. Khadi limodzi la lero limameza ukwati wonse, chinkhoswe cha mwezi watha ndi maliro a chaka chatha, ndipo likafa limafa nazo zonse nthaŵi imodzi, popanda kudwala. Ndiponso negetivu imadziŵa kudikira. Capa yemweyo pothaŵa ku Paris mu 1939 adasiya manegetivu pafupifupi 4,500 a nkhondo yapachiŵeniŵeni ya ku Spain, ake pamodzi ndi a Gerda Taro ndi David Seymour. Timabokosi titatu timene adasungidwamo tidayenda mpaka ku Mexico, ndipo tidafika ku International Center of Photography ku New York mu December 2007. Patapita zaka 68, anthu adangokweza manegetivuwo kukuŵala, naona nkhope za anthu a ku Spain. Kodi alipo angandilonjeze kuti khadi loiŵalika m'sutikesi lero lidzalankhula m'chaka cha 2090? Ngakhale tizipinda take titapanda kuchucha, adzaliŵerengera pa chiyani? Makhadi a SmartMedia a mu 1995 ndi a xD a mu 2002 adaleka kale kupangidwa, ndipo amene ali nawo m'madirowa amavutika kale kupeza choŵerengera.

Tsono mlandu ngwa yani? Ojambula a maiko ena adauyankha mokweza mu 2018. Chaka chimenecho kampani ya Nikon idatulutsa makamera a Z6 ndi Z7, ndipo Canon idatulutsa EOS R, onse amtengo wapatali, koma aliwonse ali ndi malo a khadi limodzi lokha. Ojambula maukwati adadandaula kwambiri, pakuti adali atazoloŵera makamera olemba chithunzi chilichonse m'makhadi aŵiri nthaŵi imodzi, kuti lina likafa linalo liime mboni. Ena adawaseka, namati iwo ajambula zaka khumi osatayapo kanthu. Koma pofika mu 2020 Nikon idatulutsa Z6 II ndi Z7 II, Canon idatulutsa R5 ndi R6, onse ali ndi malo aŵiri. Ine ndili kumbali ya odandaulawo. Munthu amene sadatayepo kanthu m'zaka khumi akungonena za mwaŵi wake, ndipo mwaŵi si chinthu choti n'kulipiritsa nacho anthu.

Ndikunenetsa kuti amene walandira ndalama kuti ajambule tsiku losabwerezeka ali ndi ngongole ya zinthu ziŵiri, kujambula ndi kusunga, ndipo chachiŵiricho n'chachikulu. Ndikudziŵa kuti kamera ya malo aŵiri njodula, ndipo ojambula athu ambiri amagwira ntchito ndi makamera akaunjika. Koma kuyeza khadi latsopano sikulira tambala. Kunyamula makhadi anai aang'ono m'malo mwa limodzi lalikulu, la kutchalitchi palokha, la kumadyerero palokha, sikuposa mtengo wa nkhuku zoŵerengeka. Zoona, kakhadi kosinthasintha kangathe kugwera m'fumbi, koma ndi bwino kulira ola limodzi kusiyana ndi tsiku lonse. Ndipo usiku womwewo, asanavule nsapato, wojambula akopere zonse m'kompyuta ndi pena paliponse, atsegule zithunzi zingapo za kumapeto kuti aone ngati zilimodi, ndipo asafomate khadilo kufikira eni ukwati atalandira zawo. Wojambula wa ku America, Peter Krogh, adafalitsa lamulo losavuta kukumbukira m'buku lake la mu 2005: chithunzi chikhale patatu, pa zosungira za mitundu iŵiri, ndipo chimodzi chikhale kunyumba ina. Makolo athu sadaŵerenge bukulo, koma mbewu ya chaka chamaŵa ankaipachika kutsindwi kumene kuli utsi, ina n'kukasungitsa kwa mbale.

Apa ndiyenera kuulula mbali yanga, pakuti si bwino kuloza chala anzanga okha. Mnyamatayo atanena mtengo wake, ndidaunenerera mpaka ndidaudula kwambiri, ndikumuuza kuti masiku ano kulibe filimu yogula, ntchito yake ndi kungodina batani. Ndidabwerera kunyumba ndikudzitama. Sindidamfunse kuti ali ndi makhadi angati, kapena kuti zithunzi adzazisunga kuti. Ndidafunsa za mbuzi, za mahema, za zokuzira mawu, ngakhale za mtundu wa maluŵa a patebulo. Ndalama imene ndidapulumutsa ine ndiyo idamtuma iye pabenchi ya mumsika. Komiti ya ukwati imatha kukhala maola atatu kukangana za makireti a zakumwa zimene zidzatha dzuŵa lisanaloŵe, koma nkhani ya wojambula imaidutsa m'mphindi ziŵiri.

Ndipo ngakhale wojambula atachita zake zonse, ife olandira timatani nazo? Amatipatsa pa fulashi, ife n'kuiponya m'dirowa pamodzi ndi makiyi akale. Kapena timatumizirana pa WhatsApp, imene kaŵirikaŵiri imachepetsa chithunzi kuti chiyende msanga, n'kumati tasunga, kufikira tsiku limene foni idzabedwe m'minibasi. Kusungitsa pa intaneti n'kwabwino kwa amene angathe, koma nakonso kuli ndi eni ake: mu June 2021 Google idaleka kusunga zithunzi zopanda malire kwaulere. Mu February 2015 Vint Cerf, mmodzi mwa anthu amene adayala maziko a intaneti, adachenjeza msonkhano wa asayansi ku San Jose kuti mibadwo yakutsogolo ingadzasoŵe mbiri ya nthaŵi yathu ino chifukwa zipangizo ndi mapulogalamu oŵerengera zimatha, ndipo adalangiza anthu kuti zithunzi zimene amazikondadi azizisindikiza papepala. Ngati mmisiri wa nkhokwe yatsopano akukuuzani kuti musagwetse yakale, mverani. Nkhope ya John Chilembwe imene timaiona pa ndalama ya K2,000 tikuidziŵa chifukwa cha zithunzi zoŵerengeka zojambulidwa asanafe mu 1915, zimene zidasungika papepala. Ife tajambula zithunzi zochuluka kuposa mibadwo yonse ya makolo athu kuiphatikiza pamodzi, koma loŵani m'nyumba zathu muone makoma: pali kalendala ndi chithunzi cha ukwati wa mu 1985. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Sindikunena kuti mutsukitse zithunzi 1,000. Sankhani 20 pachaka, mupite nazo ku situdiyo, mulembe kumbuyo kwake maina ndi tsiku.

Maliro a mayi atatha, mlongo wanga adayenda khomo ndi khomo kufunsa aliyense amene adali ndi foni pa ukwati uja. Ambiri adali atafufuta kale kuti apeze malo a nyimbo. Pomaliza kamnyamata kena ka kuchimuna kadatulutsa foni yosweka galasi. Mudali chithunzi chimodzi, chojambulidwa patali, chosaoneka bwino, phewa la munthu wina litatseka theka la bwalo. Mayi akuoneka chammbali, dzanja limodzi lili m'mwamba, ndipo pansi pakona pali msana wa wojambula wathu uja atagwada pafumbi. Mnyamatayo ndiye adachitenga, nachikonza mmene akadathera, nakachitsukitsa katatu ndi ndalama zake: chimodzi cha ine, chimodzi cha mlongo wanga, chimodzi cha eni ukwati. Changa chili pabalaza, pamwamba pa wailesi. Alendo akafunsa kuti akuvinawo ndani, ndimayamba ndawauza kuti asendere pafupi.

Sabata yamaŵa tidzapita ku Zomba, ku nyumba yosungiramo zolembedwa zakale za dziko lino, ndipo tidzafunsanso kumene adapita manegetivu a masitudiyo aja adatsekedwa m'matauni athu.